Mmene Mankhwala a Malungo Anayesedwera m'Midzi ya ku Nyimba

Mankhwala atsopano sapatsidwa kwa anthu onse pa tsiku limene apangidwa. Ayamba ayesedwa. Asing'anga atenga anthu amene abvomera okha, nawagawa m'magulu. Gulu lina lilandira mankhwala atsopanowo, lina lilandira akale, ndipo itapita miyezi awerenga kuti odwala acuruka mbali iti. Nzeru yace ndi yomwe ija ya mlimi amene abzala mbeu ziwiri m'munda umodzi, mizere iyi cimanga ca makolo, mizere iyo cimanga ca kusitolo, kuti pa nthawi yokolola nkhokwe imuuze zoona.

Kwa zaka zambiri nchito yotere inali ya m'zipatala zazikuru zokha, monga University Teaching Hospital ya m'Lusaka, kapena nyumba yofufuza matenda ya Tropical Diseases Research Centre imene inatsegulidwa ku Ndola m'caka ca 1975. Munthu wolowa m'mayeso anayenera kupita kumene kuli asing'anga, ndi kubwererako tsiku liri lonse limene amuitana. Kwa munthu wa ku Matero zimenezi nzapafupi. Koma kwa mai wa m'dziko la Mfumu Ndake, m'boma la Nyimba, Lusaka ali pa mtunda wa makilomita oposa 300, ndipo ulendo umodzi wa pa basi udya ndalama zimene akadagulira mcere ndi sopo wa miyezi ingapo. Cotero anthu amene malungo awasautsa koposa ndiwo anali kutsala kunja pamene mankhwala a malungo ali kuyesedwa.

Njira yaciwiri ndiyo yotembenuza ulendowo, kuti mayeso apite kwa anthu ndipo anthu akhale kwao. Magazi ayesedwa pakhonde, mankhwala afika pakhomo, ndipo zopezeka zitumizidwa kwa akuru a mayeso pa lamya kapena pa intaneti. Awa ndiwo mayeso omwazika. Njira iyi inamveka pa dziko lonse m'caka ca 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseka maulendo ndipo odwala anali kuopa zipatala. Ndipo m'2024 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linaturutsa malangizo a kayendetsedwe ka mayeso otere. Koma ena anayesako kale. M'2011 kampani ya Pfizer inayamba mayeso a mankhwala a cikhodzodzo, amene anthu a ku America anali kulowa pa kompyuta ali m'nyumba zao. Oposa 5,000 analembetsa maina, koma amene anafika pa kugawidwa m'magulu anali 18 okha. Makompyuta analipo ndi miseu ya tara inalipo. Cimene cioneka kuti cinasowa ndi munthu wodziwika woima pakati pa wodwala ndi sing'anga.

Caka comweco ca 2011 nchito yina inayamba kuno ku Zambia, m'maboma awiri oyandikana: boma la Luangwa, kumene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi, ndi boma la Nyimba, dziko la Ansenga a mafumu Ndake, Luembe, Nyalugwe ndi Mwape, limene kale linali mbali ya boma la Petauke. Oiyendetsa anali a National Malaria Control Centre ya m'Lusaka, imene tsopano ichedwa National Malaria Elimination Centre, pothandizana ndi akatswiri a Liverpool School of Tropical Medicine ndi a Ifakara Health Institute ya ku Tanzania. Pakati pa amene analemba zopezeka panali a Busiku Hamainza ndi a Chadwick Sikaala.

Mankhwala oyesedwawo sanali akumwa ai, koma opopera pa zipupa za nyumba. Anthu asanu ndi atatu pa khumi ali onse a m'midzi yosankhidwayo anali kugona kale m'maneti onyikidwa m'mankhwala. Funso linali lakuti: kodi kupopera nyumba kuonjezerapo citetezo pa munthu amene ali ndi neti? Ngati kutero, ndi mankhwala ati? Funsoli linali lolemera, cifukwa mankhwala a m'maneti ndi a mtundu wochedwa pyrethroid, ndipo udzudzu umene ufalitsa malungo koposa m'dera lino, wochedwa Anopheles funestus, unali utayamba kuwazolowera, osafa nao monga kale. Cotero anayesa mankhwala awiri a mtundu womwewo, deltamethrin ndi lambdacyhalothrin, pamodzi ndi ena a mtundu wina ochedwa pirimiphos methyl, osakanizidwa m'njira ziwiri zosiyana. Midzi ina sinapoperedwe konse, kuti pakhale poyerekezera.

Anasankha magulu 14 a midzi, asanu ndi awiri m'boma liri lonse. Gulu liri lonse linali ndi anthu ngati 1,000 okhala mozungulira cipatala cacing'ono ca Boma, ndipo linapatsidwa anchito a za umoyo atatu, anthu a m'midzi momwemo. Onse pamodzi anali 42. Sanali madokotala kapena anamwino. Anaphunzitsidwa kuyesa magazi, kupereka mankhwala ndi kulemba m'buku, ndipo anali kulandira malipiro. Mau a malipirowa asapitiriridwe msanga. Munthu amene asiya munda wace pa nthawi yopalira kuti akayendere nyumba za anzace mwezi ndi mwezi, kwa zaka ziwiri ndi kupitirira, sangathe kudya zikomo.

Nchito yao inali ya mbali ziwiri. Kamodzi pa mwezi wanchito anali kuyendera nyumba zimene anapatsidwa, nayesa ali yense wobvomera, wodwala ndi wosadwala yemwe. Pa masiku ena onse, munthu akamva kuphwanya m'thupi anali kubwera yekha kwa wanchitoyo. Kayesedwe kace omvera ambiri akadziwa tsopano. Abaya cala, aika kadontho ka magazi pa kacipangizo kochedwa RDT, aonjeza timadzi ta m'kabotolo, nadikira mphindi 15 kapena 20. Mzere umodzi unena kuti malungo palibe, mizere iwiri inena kuti alipo. Wopezeka nao alandira Coartem, amene Zambia anayamba kupereka m'2003 m'malo mwa chloroquine, nawamwa kawiri pa tsiku masiku atatu. Wodwala kwambiri, monga mwana wokomoka kapena wosanza ciri conse, atumizidwa ku cipatala. Zonsezi wanchito azilemba pa mzere wa munthuyo m'buku.

Koma buku lisanatsegulidwe pali mau oyamba. M'dziko la Ansenga mlendo sayamba nchito m'mudzi asanaonekere kwa mfumu ndi kwa nyakwawa. Ndiponso nkhani ya magazi njobvuta. Midzi ya kum'mawa inamva kale mbiri za anthu otenga magazi a anzao mwa cinsinsi, ndipo mbiri yotere iyenda msanga koposa galimoto. Lamulo la mayeso onse ndi lakuti munthu afotokozeredwe m'cinenero cace cimene adzacitidwa, abvomere yekha, ndipo akhale ndi ufulu wa kukana tsiku liri lonse popanda kumanidwa cithandizo ca cipatala. Cilolezo ca mfumu citsegula mudzi, koma cala nca mwini wace. Apa mpamene paonekera phindu la wanchito wa m'mudzi momwemo, amene alankhula Cinsenga ca pomwepo, amene agogo amdziwa kuti ndi mdzukulu wa auje, ndi amene sadzakwera galimoto kuthawa zinthu zikabvuta.

Tsono nkhani ya katundu. M'cipatala cacikuru nkhokwe ya mankhwala iri pa khomo lomwelo, ndipo cikatha cinthu namwino atuma mthenga, nabwera naco tiyi asanazizire. M'mayeso omwazika nkhokwe ziri 42, yina m'thumba la pa njinga, yina pansi pa kama. Zonse ziyenera kudzazidwa pa nthawi yace ndi ma RDT, tobayira, thonje, magolovesi, mabuku ndi zolembera. Coartem yekha abwera m'mapaketi a mitundu inai monga mwa kulemera kwa wodwala, a mapiritsi 6, 12, 18 ndi 24, kotero kuti wanchito angathe kukhala ndi mankhwala ambiri a akuru pamene a makanda anatha sabata latha. Katundu wocokera ku Lusaka ayenda bwino pa Great East Road, naoloka mlatho wa Luangwa, napitirira Kacholola kufikira pa Nyimba pamene amai agulitsa nthoci kwa a pa basi. Bvuto liyamba pamene tara athera. M'dzinja timitsinje tidzala, ndipo mudzi wa pa mtunda wa ola limodzi usanduka wa tsiku lathunthu. Ndipo nyengo imeneyi ndi yomwe malungo akwera ndi katundu atha msanga.

Palinso kutentha. Coartem afuna kusungidwa pa malo osapitirira madigiri 30, ndipo ma RDT nawonso aonongeka akakhalitsa pa moto wa dzuwa kapena pa cinyontho. M'cigwa ca Luangwa mwezi wa Okotobala kutentha kupitirira madigiri 40. Ndico cifukwa cace kutumiza katundu wa caka conse pa ulendo umodzi sikuthandiza. Afunika kupita pang'ono pang'ono, kawiri kawiri, ndipo wotumiza ayenera kudziwa amene watsala ndi zocepa. Katundu sangayende bwino ngati mau sanayende poyamba.

Kupopera nako kufuna mau otsogola. Opopera afika ndi mipope yao mvula isanayambe, ndipo afuna kupeza eni nyumba alipo, madzi atatungidwa, ufa ndi ziwiya zitaturutsidwa pabwalo. Uthenga ukacedwa apeza zitseko zotseka, anthu ali kusosa kumunda. Nyumba yotsala yotere iri m'gulu lolembedwa kuti linapoperedwa, koma udzudzu wa m'menemo sunaone mankhwala.

Coopsa koposa m'nchito yotere ndi tsamba losalembedwa. Tayerekezani kuti wanchito wina ma RDT amthera kwa masabata awiri. M'buku mwace mulibe wodwala malungo ndi mmodzi yemwe. Mkuru wa ku Lusaka poona ciwerengero angakondwere kuti mankhwala opopera agwira nchito, pamene kumudziko ana ali kunjenjemera pa mphasa. Zikacitika m'gulu lopoperedwa, mankhwala acabe aoneka abwino. Zikacitika m'gulu losapoperedwa, mankhwala abwino aoneka acabe. Ofufuza a ku Nyimba sanadalire ciwerengero ca odwala cokha. Anali kufunsa kuti: pa anthu 100 oyesedwa, ndi angati anapezeka ndi malungo? Muyeso uwu suthetsa bvuto lonse, koma sunyengedwa msanga ndi sabata limene oyesedwa anacepa.

Mau ocokera kumidzi anali kuyenda pa njira ziwiri. Yoyamba ndiyo buku lija, lokhala ndi zonse, koma loyenda pang'ono pang'ono, popeza liyenera kutengedwa ndi munthu ndi kukoperedwa m'kompyuta mzere ndi mzere. Yaciwiri ndiyo lamya ya m'manja. Sabata liri lonse wanchito anali kuonkhetsa za m'buku mwace, natumiza ziwerengero zace mwacidule pa uthenga wolemba umene anthu auchula SMS. Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndipo akuru a nchitoyi anacita bwino posakhulupira lamya cabe, koma kuiyesa. Anatenga mabuku onse, nawalinganiza ndi mauthenga onse, ndipo zopezeka zinasindikizidwa m'2014 m'magazini ya asing'anga yochedwa Malaria Journal.

M'mabuku munalembedwa malungo opezeka 31,665. Pa lamya panafika 25,583. Otsala m'njira anali 6,082, ndiko kunena pafupifupi mmodzi pa asanu ali onse. Kunena za nthawi, mauthenga 81 pa 100 ali onse anafika sabata lisanathe, ndipo otsalawo anafika mwezi usanathe.

Kodi ziwerengero izi nzokondweretsa kapena nzomvetsa cisoni? Yankho lidalira pa cimene munthu afuna kucita nazo. Ofufuzawo anapeza kuti ngakhale lamya inataya ena, inaonetsa bwino kukwera ndi kutsika kwa malungo. Mwezi umene buku linati malungo acuruka, lamya inatero. Gulu la midzi limene buku linati ndilo lodwala koposa, lamya inalozanso lomwelo. Kwa wosunga nkhokwe ya mankhwala, amene afuna kudziwa Lolemba lino kumene atumize Coartem, uthenga wotere ukwanira, ndipo uposa buku langwiro limene lidzafika mwezi wa mawa. Koma kwa woweruza mlandu wa mankhwala awiri, kutaya mmodzi pa asanu si kanthu kakang'ono, makamaka ngati otayikawo acokera ku midzi ya kutali kumene lamya ibvuta, ndi kumene kawiri kawiri malungo ali ambiri. Pamenepo buku ndilo mboni. Njira ziwirizi sizilandana nchito, ndipo amene aganiza kuti lamya yafika ndiye buku litayidwe, ayambe wayang'ana pa 6,082 aja.

Njira zimene ciwerengero citayikira sizisowa kwa munthu wodziwa moyo wa kumudzi. Pali midzi imene munthu akwera pa culu kuti lamya igwire. Batire likatha, lamya igona ku golosale ya mwini sola kufikira mawa. Ndipo kuonkhetsa mizere ya sabata lathunthu madzulo, munthu atayenda tsiku lonse, ndi nchito imene ngakhale kalaliki wa pa Boma angaphonye. Zambiri mwa izi sizifuna nzeru za ku Ulaya kuti zikonzeke. Zifuna woyang'anira amene aona msanga kuti uje sanatumize, namuimbira kapena kumyendera sabata lomwelo.

Panalinso katundu wobwerera ku Lusaka, ndiye udzudzu. Mmodzi wa anchito atatu a gulu liri lonse anali ndi nchito yina ya kuchera udzudzu usiku m'nyumba zosankhidwa, kamodzi pa mwezi nyumba iri yonse. Misampha inali ya mitundu iwiri: wina wa kanyali koyendera batire, wopacikidwa pafupi ndi neti ya munthu wogona, ndi wina wonga hema, wopangidwa ku Ifakara. M'mawa udzudzu unali kusankhidwa, kuwerengedwa ndi kusungidwa kuti ukapimidwe. Akatswiri ocokera ku likuru anali kubwera nthawi zina kudzachera m'midzi yomweyo, kuti aone ngati ziwerengero zigwirizana. Anapeza kuti anchito a m'midzi agwira udzudzu wocepa pa usiku umodzi kusiyana ndi akatswiri. Koma popeza iwo anali pomwepo mwezi uli wonse, m'magulu onse 14, ndi pa mtengo wocepa kwambiri, misampha yao inaonetsa nyengo ndi malo amene udzudzu ucuruka, ndipo zimenezi zinagwirizana ndi kucuruka kwa malungo mwa anthu. Gulu la akatswiri la galimoto imodzi silikadatha kugona m'midzi yonseyo.

Nchitoyi inapitirira kufikira 2013, ndipo mankhwala opopera anagawidwa ndi kusinthidwa patsogolo pa dzinja liri lonse, katatu. Zopezeka zinasindikizidwa m'2016. Mankhwala awiri a mtundu wa pyrethroid anateteza pang'ono, ndipo citetezo cao sicinapitirire miyezi itatu. A pirimiphos methyl anakhalitsa koposa, ndipo amene anapambana onse anali osakanizidwa m'timakapisozi tating'ono timene titurutsa mankhwala pang'ono pang'ono pa cipupa. Ofufuzawo ananena poyera kuti magulu sanagawidwe mwa maere kotheratu, monga mayeso okhwima afunira, ndipo ici cicepetsa mphamvu ya umboni wao. Komabe cimene anapeza cinagwirizana ndi zimene zinali kuoneka kwina, ndipo m'zaka zotsatira mankhwala amenewa, amene dzina lao la malonda ndi Actellic, anapoperedwa m'maboma ambiri a Zambia, kufikira pamene ena atsopano anayamba kulowa m'malo mwao.

Kucokera nthawi imeneyo zinthu zasintha. M'2013 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhazikitsa bungwe la National Health Research Authority, loyang'anira kufufuza konse kwa za umoyo, ndi lina lokhazikitsa bungwe la ZAMRA loyang'anira mankhwala. Ndipo wofuna kuyesa mankhwala pa anthu a m'Zambia apempha cilolezo kumeneko asanafike pa mudzi. Lamya za masiku ano zitenga zithunzi, zidziwa malo pamene nyumba iri, ndipo zisunga mzere wa munthu ali yense m'malo mwa ciwerengero ca sabata, kotero kuti buku ndi uthenga ziri kuyandikana. Koma timitsinje ta m'dzinja ticadzala monga kale, ndipo batire licatha.

Nyimba analandiranso mayeso ena pakati pa 2019 ndi 2021, oyendetsedwa ndi Boma pamodzi ndi World Health Organization ndi bungwe lofufuza za tizilombo la icipe la ku Nairobi. Nyumba 800 za ku Mkopeka ndi za pafupi ndi Boma la Nyimba zinagawidwa mwa maere. Zonse zinali ndi maneti, koma 400 zinaikidwanso sefa ya waya pa mazenera ndi pa zitseko kuti udzudzu usalowe. Tsopano katundu anali wina: mipukutu ya sefa, matabwa ndi misomali, ndi amisiri oyenda nazo nyumba ndi nyumba. M'nyumba za sefa udzudzu unacepa. Koma ofufuza atabwerera kukayang'ana khomo ndi khomo, anapeza kuti sefa za pa zitseko zambiri zinali zitang'ambika, ndipo eni nyumba anati zoziononga koposa zinali mbuzi, dzimbiri ndi ana.